Mlandu wa Bishop ku Aldercote Hall

A Dixon Kachigamba anafika ku Wolverhampton mu 2003, patatha chaka mkazi wawo Zelipa atayamba unesi pa chipatala cha New Cross. Ine Liness ndinkagwira wodi imodzi ndi Zelipa, ndiye ndinali nawo m'gulu lokawachingamira ku siteshoni. Anatsika sitima atavala suti yakhofi ndi chipewa chaubweya, natipatsa moni mmodzimmodzi. Atafika pa ine anandiyang'ana zala.

"Mayi, muli pabanja?"

Ndinati ayi.

"Chabwino. Zikadzachitika mudzandiuze msanga, zisanavute."

Kwawo ndi ku Nsipe, ku Ntcheu. Ntchito yawo yolembedwa inali ukalaliki pa ofesi ya zaulimi, koma panalibe munthu wowadziwa ndi imeneyo. Anthu ankawadziwa ngati nkhoswe. Anauyamba unkhoswe ali mnyamata, tsiku lomwe malume awo analephera kudzuka pa chinkhoswe cha mlongo wawo chifukwa cha kachasu wa dzulo lake. Mnyamatayo anayankhula bwino moti akuchimuna anamupempha kuti adzawaimirenso pa ukwati wotsatira. Kuyambira pamenepo sanapumenso. Zelipa akuti banja lina la ku Biriwiri linawasankha mbali zonse ziwiri, ndipo likayambana, a Dixon ankayamba akhala mpando wa kuchikazi n'kudzudzula mwamuna, kenako n'kusamukira mpando wa kuchimuna kukadziyankha okha. Banja limenelo lilipo mpaka lero.

Kuno ku Mangalande zinawavuta. Ntchito anaipeza msanga, yolongedza mipopi ya m'bafa m'makatoni ku weyahausi ina ku West Bromwich, ndipo ankakwera sitima ya Metro m'mawa uliwonse osadandaula. Chomwe chinawasowa ndi milandu. Kuno anthu akayambana amatseka chitseko, kenako mumangoona galimoto yonyamula katundu yaima pakhomo. Amalawi anzathu nawo, pakati pa mashifiti ndi maovataimu, mwamuna ndi mkazi ankangopatsana makiyi pakhomo, nthawi yokanganira osaipeza. A Dixon anayamba kuwonda. Suti yakhofi ija inkaoneka ngati yobwereka.

Tsiku lina anamva kudzera pa khoma mayi akukuwa kwa aneba, mbale zikusweka. Anavala jekete ndi tayi, n'kukagogoda. Anatsegula ndi mdala wina wachizungu, a Norman, amene ankakhala yekhayekha ndipo makutu anali atayamba kugontha. Mkanganowo unali wa m'sewero la pa TV. A Dixon anapempha mpando, naonera mpaka kumapeto, ndipo kuyambira pamenepo ankapita kwa a Norman sewerolo likamaonetsedwa, n'kumalangiza anthu a mu TV aja mokweza. Koma mlandu woti sukukumva sukhutitsa.

Mu Okutobala 2006, ine ndi Zelipa tinapezeka kuti tonse tili pa ofu Loweruka limodzi, zomwe zinkachitika mwa apo ndi apo. Zelipa anali atatola kapepala ku laibulale konena za nyumba yakalekale yotchedwa Aldercote Hall, kumidzi kupitirira Tettenhall, yomwe eni ake amalola anthu kulowa kukaona. Loweruka limenelo linali lomaliza asanatseke chifukwa cha chisanu. Ana awo, Marvin ndi Tiffany, anangoti "Boring, Mum" osachotsa maso pa gemu. Tinanyamuka atatu pa kagalimoto ka Zelipa, a Dixon ali kumbuyo atagwira chipewa pamaondo.

Nyumbayo inali ya njerwa zofiira, yaitali ngati sekondale yogonera konko, machumuni ambirimbiri koma utsi ukutuluka pa awiri okha, wina kumapeto kuno, wina kumapeto uko. Nkhosa zinkadya pa kapinga. Pa geti panali mayi wogulitsa matikiti, ndipo a Dixon anamufunsa ngati eni nyumba anasamuka.

"Alipo," anatero mayiyo m'Chingerezi. "Banja la a Harvey lakhala muno zaka mazana anayi. Akuonetsani okha."

Matikiti anali a mitundu iwiri, obiriwira a mbali yakum'mawa ndi achikasu a mbali yakumadzulo. Tinatenga yonse iwiri. Titafika pa khomo lalikulu, azungu anzathu ankangolowa manja ali m'matumba. A Dixon anaima, navula chipewa.

"Odi! Odi kuno!"

"Bambo a Marvin, talipira," anatero Zelipa.

"Kulipira sikuchotsa ulemu. Odi!"

Panalibe woyankha. Anapukuta nsapato nthawi yaitali, kenako analowa chowerama.

Tinafika m'chipinda chachikulu ngati tchalitchi. Pansi, kuchokera pakhomo mpaka pa malo osonkhapo moto, panali mzere woyera wa penti, ngati wa pa bwalo la mpira. Apa ndi apo panali zidebe zolandira madzi odontha kudenga. M'mbali munali mipando yosemasema yotchingidwa ndi chingwe chofiira, ndipo pa mpando uliwonse anaikapo chitsamba chouma chaminga kuti munthu asakhalepo.

Mbali yakum'mawa anatiyendetsa ndi a Rex Harvey, mdala wamtali wa zaka za m'ma sevente, atavala majuzi awiri ndi jekete yobooka m'zigongono. Anatiimika pa chithunzi cha munthu wa tsitsi lopotana.

"Awa ndi agogo a agogo anga. Anafa atagwa pa hatchi. Koma anafa ali osangalala, chifukwa sankakhala denga limodzi ndi munthu wa mbali inayo."

Alendo anaseka, poganiza kuti ndi mbali ya chionetsero. A Dixon sanaseke. Ndinaona khutu lawo likutembenuka.

A Rex anationetsa bedi lomwe mfumu ina inatsala pang'ono kugonapo koma inasintha maganizo. Anationetsa lupanga, ndi mutu wa gwape wodyedwa ndi njenjete. Pa chinthu chilichonse, munthu wa mbali inayo ankalowamo. Ndiye amene anathyola chogwirira cha kabati. Ndiye amene amatsegula mawindo dala kuti mphepo iwombe chakum'mawa. Pomaliza anatsegula kachipinda kopanda kanthu, mawu awo n'kutsika.

"Muno ndi mogona Bishop. Koma munthu wa mbali inayo anamutenga Lachiwiri ndipo sanamubweze. Akumudyetsa nthochi, chikhalirecho akudziwa kuti zimamutsegula m'mimba."

A Dixon anandikodola ndi chigongono. "Pali mwana," ananong'ona.

Tinabwerera m'chipinda chachikulu chija. A Rex anaima chala chaphazi chili pa mzere woyera, osaudumpha, natembenuka n'kumapita. Tsidya linalo tinalandiridwa ndi a Millicent Harvey, mayi wamfupi wa imvi, atavala majombo, mpukutu wa makiyi uli m'chiuno. Iwo anationetsa khitchini yakale, miphika yamkuwa yoti mwana angasambiremo, ndi chipinda cha mabuku omwe palibe amene anawatsegula chifere agogo awo. Nawonso anali ndi munthu wawo wa mbali inayo. Ameneyo sadziwa kuwiritsa ngakhale dzira. Ameneyo sanawalankhule zaka zoposa makumi awiri, chichitikire maliro a mdala wa pakhomopo.

"Ndipo Bishop," anatero a Millicent, "salankhula, koma ine ndimadziwa akakhala kuti sakusangalala. Uko amamugoneka pansi pozizira. Chaka chatha anamuiwala panja mvula ikugwa. Tinamupeza mawa lake pansi pa mpanda, ali matope okhaokha."

Nkhope ya a Dixon inachita mdima. "Mwana wosalankhula," anatero m'Chichewa, "kumusiya pa mvula! Mayi a Marvin, mwamva?"

Zelipa anali akuwerenga kapepala kake kaja. Anakapinda bwinobwino n'kukaika m'chikwama. "Ndamva," anatero.

"Ndiye tingochoka?"

"Inuyo mukuona bwanji?"

Ndinkamudziwa Zelipa. Mawu amenewo ndi omwe ankalankhulira kwa dokotala wachinyamata amene watsala pang'ono kulakwitsa koma sakufuna kuuzidwa. Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana kudenga.

Titatulukiranso m'chipinda chachikulu, a Dixon anandipatsira chipewa. Anadumpha chingwe chofiira, nachotsa minga pa mipando itatu, naikokera pakati. Umodzi anauika kum'mawa kwa mzere, wina kumadzulo, wachitatu pa mzere penipeni, nakhalapo, manja pamaondo. Mayi wina wothandiza pa nyumbapo anakuwa ngati waona njoka. Posakhalitsa a Rex anatulukira mbali yawo akuthamanga chotsimphina, a Millicent mbali yawo makiyi akulira, onse awiri akukuwa mawu amodzimodzi akuti mipandoyo siyokhalapo.

"Mwagwirizana kale pa mfundo imodzi," anatero a Dixon m'Chingerezi chawo cha ku ofesi. "Tayamba bwino. Bambo, khalani apo. Mayi, apo."

Sindidziwa chomwe chili m'mawu a munthu ameneyu. Mwina n'zaka zonse zija zokhazika pansi anthu onyamula mipini. Onse awiri anakhala pansi. A Rex anadzatiuza pambuyo pake kuti chibadwire anali asanakhalepo pa mipando imeneyo, ndipo ankafuna kumva mmene imamvekera. Akuti ndi yolimba ngati mwala.

Alendo ena, ambiri anali agogo a ku Dudley obwera pa basi, anasonkhana mozungulira. Wina anafunsa ngati zimenezi zili pa tikiti yobiriwira kapena yachikasu.

A Dixon anayamba ndi kudzitchula dzina, mudzi ndi boma. Anathokoza eni nyumba chifukwa cha kutilandira, ngakhale pa odi panalibe woyankha. Kenako anati kwawo kuli mawu akuti mutu umodzi susenza denga, nawamasulira m'Chingerezi liwu ndi liwu. A Rex anayang'ana zidebe zija, nayang'ana kudenga.

"Zimenezo n'zoona," anatero.

"Mayi, bambowa mumawaphikira?" anafunsa a Dixon.

"Ndiwaphikire? Bola kuphikira nkhosa."

"Madzi osamba mumawaikira?"

A Dixon anatembenukira kwa a Rex.

"Nanga inu bambo, munawagulirapo liti nsalu mayiwa? Taonani, akuyenda ndi majombo m'nyumba."

"Majombowo ndi anga," anatero a Rex. "Anaba mu 1988."

Aka kanali koyamba kuti wina aneneze mnzake ali pomwepo, ndipo a Millicent anayankha molunjika kuti majombowo anawapeza atatayidwa. A Dixon anagwedeza mutu mokhutira. Thukuta linali litayamba, maso akuwala, msana utawongoka. Munthu ndinali ndisanamuonepo chotero chifikire.

Kenako anatsitsa mawu, napempha kuti ana ngati alipo atalikire. Panalibe mwana, wamng'ono pagulupo ndinali ine.

"Tsopano tifike pa gwero. Nkhani zambiri za m'banja zimayambira kuchipinda. Munasiyana liti mogona?"

A Rex anaganiza kaye. "Ndikuganiza kuti ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Pamene ananditumiza ku sukulu yogonera konko."

A Dixon anaphethira. "Anakukwatitsani muli ana?"

Madzi anadontha m'chidebe. A Millicent anayang'ana a Dixon, nayang'ana a Rex, kenako kukhosi kwawo kunatuluka kaphokoso ngati ketulo ikayamba kuwira.

"Rex," anatero, "akuganiza kuti ndine mkazi wako."

A Rex anafiira mpaka m'makutu, kenako anaphulika. Anaseka mpaka kutsokomola, a Millicent akumenya mpando wa zaka mazana atatu ndi chikhatho, misozi ili mbwembwembwe. Agogo a ku Dudley anaomba m'manja. Anali munthu ndi mlongo wake, bere limodzi, ndipo onse awiri anali asanakhalepo pabanja. Zinalembedwa pa tsamba loyamba la kapepala ka Zelipa.

"Mayi a Marvin, munkadziwa?"

"Simunandifunse," anatero Zelipa, akupukuta maso ndi mpango.

A Dixon anatembenukira kwa eni nyumba. Mawu anali atachepa. "Nanga mwanayo ndi wa ndani?"

A Millicent anadzuka, akusekabe, nabwerako atanyamula katoni ya maapulo yodzaza udzu wouma. Mkati munali fulu. Anali wamkulu ngati mbale yodyera, chigoba chakuda chokalamba, ndi kadontho ka penti wofiira pamsana kuti asamasowe m'munda. Bambo awo anabwera naye kuchokera kunkhondo iwo asanabadwe, namutcha Bishop chifukwa ankafanana nkhope ndi bishopu wina amene ankakonda kubwera nthawi ya nkhomaliro. Pomwalira, mdalayo anagawa nyumba pakati, koma za fulu anangoti akhale wa mwana amene amamukonda koposa. Mzere woyera unapentedwa sabata yomweyo.

Ndinaganiza kuti a Dixon apempha chipewa chawo tizipita. Koma iwo anayang'anitsitsa fuluyo. Kenako anakonza tayi.

"Mlandu sunathe," anatero. "Wangosintha dzina. Poyamba unali wa banja, tsopano ndi wa chuma chamasiye. Umenewonso timaweruza."

Analamula kuti Bishop aikidwe pa mzere, mutu utaloza kumoto, a Rex ndi a Millicent aime aliyense kukhoma kwake, osaitana, osaonetsa chakudya. Kumene apite, ndiko kwawo. Onse anavomera, aliyense ali ndi chikhulupiriro. Tinatalikira. Bishop anatulutsa mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana kum'mawa. Anayang'ana kumadzulo. Anayasamula, nabweza mutu, miyendo n'kutsatira.

Tinadikira. Agogo ena anapita kukamwa tiyi n'kubwerako. Dalaivala wa basi ya ku Dudley analiza hutala. Potsiriza a Millicent anagwada, naika khutu pa chigoba.

"Wayamba tulo ta chisanu," anatero. "Adzuka mu Malichi."

"Mboni ikagona sitiidzutsa," anatero a Dixon. "Mlandu waimitsidwa mpaka Malichi."

Apa m'pamene panabuka nkhani ina. Fulu wa kuno akagona tulo timeneti amamusunga mu filiji, kuti kuzizira kukhale kofanana mpaka adzuke. A Rex anakana kuti agone mu filiji ya kumadzulo, ati akamunong'oneza zinthu ali m'tulo. A Millicent anakana ya kum'mawa, ati muli tchizi cha chaka chatha. Anakangana maso ndi maso, mokoma, ngati anthu amene akhala ndi njala ya mkangano. Kenako onse awiri anatembenuka nthawi imodzi kuyang'ana munthu wokhala pa mzere.

"Katundu wa mlandu amasunga ndi nkhoswe," anavomera a Dixon.

Kuseka kwa Zelipa kunathera pomwepo.

Tinabwerera ku Wolverhampton katoni ili pamiyendo ya a Dixon, chipewa chili pamwamba pake. Titafika pa Tettenhall, Zelipa anati filiji yake ndi ya chakudya, si wodi. Koma unesi ndi matenda osachira. Pofika sabata yachiwiri, iyeyo ndiye ankatsegula chitseko tsiku lililonse kuti mulowe mpweya, n'kumamuyeza Bishop pa sikelo ya makeke kuti aone ngati sakuwonda. Masamba ndi tomato anazisamutsira m'mwamba, shelefu yapansi yonse n'kukhala ya mlendo.

Mu Malichi Bishop anadzuka, ndipo tinamubweza ku Aldercote Hall. Anamuikanso pa mzere. Ulendo uno anayenda ndithu, koma anatsata mzere womwewo osapatuka, natuluka pakhomo lalikulu, n'kukayamba kudya maluwa. A Rex anati mwendo wakumanzere unaponda kum'mawa kawiri. A Millicent anati mchira unaloza kumadzulo. A Dixon anaimitsanso mlandu.

Kuyambira pamenepo ankapitako Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, pa basi, atavala suti. Tsiku loyamba anapeza nkhomaliro ziwiri, ina kum'mawa, ya mazira osapsa, ina kumadzulo. Anati nkhoswe sadya kawiri, ndipo sadya mbali imodzi. Tebulo linaikidwa pa mzere, atatuwo n'kumadyera pamodzi, kenako mlandu n'kuyamba. Za fulu zinkatha msanga. Zinkatsatira ndi za majombo, za njinga yomwe inathyoka ali ana, za amene mayi awo ankamukonda. Chigamulo sichinaperekedwe, ndipo sindikhulupirira kuti alipo ankachifuna. Matikiti anakhalabe a mitundu iwiri, koma Loweruka la a Dixon alendo ankachuluka, ena kubwera ndi mipando yawoyawo.

Mbiri inafika ku tchalitchi kwathu, kenako ku Birmingham ndi ku Coventry, yoti kuli bambo wa ku Ntcheu amene anakhazika pansi azungu m'nyumba mwawo momwe. Za ukwati wa munthu ndi mlongo wake Zelipa ankazifotokoza yekha kwa aliyense wofuna kumva, koma sizinawononge kanthu. Banja lina la ku Foleshill linabwera usana wina Lamulungu, mkazi kutsogolo, mwamuna kumbuyo atanyamula chikwama cha mwana. Linatsatira la ku West Bromwich, la Mzambiya ndi Mmalawi. A Dixon ankawalandira pabalaza, TV itazimitsidwa, ana atathamangitsidwira m'mwamba. Pofika Khirisimasi suti yakhofi inali itayamba kuthina.

Chisanu chilichonse Bishop ankabwerera kwa a Kachigamba. Mu Januwale 2009 kunabwera abusa atsopano kuchokera ku Lilongwe, a Jairos Mbendera, munthu waulemu kwambiri, ndipo ankayendera nkhosa zawo khomo ndi khomo. Tsiku lomwe anafika kwa a Kachigamba ine ndinali pomwepo. Zelipa anawathirira tiyi, napeza kuti mkaka watha m'kajagi. Abusa, pofuna kuonetsa kuti kuno aphunzira kudzithandiza, anadzuka okha kulowera ku khitchini.

"Abusa, mutsegule pang'onopang'ono," Zelipa anawakuwira. "Shelefu yapansiyo muli Bishop, akugona."

Patapita kanthawi abusa anatulukira chobwerera m'mbuyo, opanda mkaka, atagwira manja kutsogolo.

"A mpingo uti?" anafunsa monong'ona.

A Dixon anawakokera mpando, nati nkhaniyo ndi yaitali ndipo ili m'khoti, koma poti iwo ndi abusa akhoza kuwafotokozera mbali zonse ziwiri. Tiyi anamwa wopanda mkaka, ndipo makomo ena omwe anayenera kuyendera tsiku limenelo anawafika mawa lake.